Mwana amene adaphunzitsidwa kuchedwa kuponda buleki

Kumpoto kwa mzinda wa London, m'katauni ka Hoddesdon, kuli bwalo la mipikisano lotchedwa Rye House. Si malo oti mlendo angakodolere mnzake kuti adzaone. Ndi kamsewu katala kokhotakhota, kotchingidwa ndi milu ya matayala akutha, komwe ana amathamangitsirako tigalimoto totchedwa kart. Kagalimoto kameneka kalibe zambiri: timatayala tinayi, mpando umodzi wotsala pang'ono kukhudza pansi, chiwongolero ndi kainjini kosaposa ka njinga yamoto.

M'chaka cha 1993 anthu a pabwaloli adayamba kuzolowera kuona bambo wina wachikuda ataima chilili m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi kona. Bamboyo, a Anthony Hamilton, sankaonerera mpikisano monga amachitira makolo ena. Ankatsata ndi maso mwana amene ankathamanga kuposa onse, n'kusunga malo enieni pomwe mwanayo ankapondera buleki. Akatero ankasendera mapazi angapo kufupi ndi kona, n'kuitana mwana wawo wa zaka 8, Lewis, kumuuza kuti phazi lake lisakhudze buleki kufikira atafika pomwe iwo aimapo.

Mwana ankabwera ndi liwiro, mtima uli m'mwamba, n'kuchedwadi kuponda monga wauzidwira. Kagalimoto kankazungulira ngati nguli n'kukathera mu udzu. Ankakakankhira pamsewu n'kuyambanso. Lero kulephera, mawa kulephera, mkuja kona ija n'kutheka. Ikangotheka, bambo aja ankasenderanso patsogolo.

Pamsewu wowongoka aliyense amatha kuponda moto. Ngakhale dalaivala wa minibasi yothamangira okwera amazidziwa zimenezo. Mpikisano wa galimoto umagamulidwa pakona. Wofulumira kuponda buleki amapitiriridwa, wochedwetsa amakathera m'khoma. Katswiri ndi amene amapeza kampata kakang'ono kamene kali pakati pa ziwirizi, ndipo amakapeza kona iliyonse, ulendo uliwonse, kwa ola ndi theka. Mwana wa ku Rye House uja adakula n'kukhala Sir Lewis Hamilton, katswiri wa dziko lonse wa Formula 1 kasanu ndi kawiri, amene pofika kumapeto kwa 2025 adali atapambana mipikisano 105, kuposa dalaivala wina aliyense m'mbiri ya masewerawa.

Nyumba ya ku Stevenage

Lewis Carl Davidson Hamilton adabadwa pa 7 Januwale 1985 ku Stevenage, m'chigawo cha Hertfordshire ku England. Mayi ake, a Carmen, ndi mzungu. Bambo ake ndi mwana wa munthu amene adachoka pachilumba cha Grenada, ku Caribbean, m'zaka za m'ma 1950 kudzafuna ntchito ku Britain. Banja lidatha Lewis ali ndi zaka ziwiri. Adakulira kwa mayi ake mpaka zaka 12, kenako adasamukira kwa bambo ake, komwe ankakhala ndi mayi omupeza, a Linda, ndi mng'ono wake Nicolas, amene adabadwa ndi ulumali wofoola miyendo koma nayenso adadzakhala dalaivala wa mipikisano.

Luso lake lidayamba kuonekera pa kagalimoto kachidole koyendetsa ndi rimoti. Asadafike n'komwe zaka 8 adali atayamba kale kugonjetsa akuluakulu a ndevu zawo pa mipikisano ya zidole zoterezi. Bambo ake ataona izi adamugulira kart yakale, yomwe idali itadutsa m'manja mwa anthu angapo, n'kuikonza ndi kuipenta okha. Adapangana naye chinthu chimodzi: iwo adzachita chilichonse kuti iye athamange, bola alimbikire sukulu.

Lonjezo limenelo lidawawawitsa msana. Mpikisano wa kart umadya ndalama ngati chiswe: matayala amatha pa sabata, injini imafuna kumasulidwa pafupipafupi, pali mafuta, ndalama yolowera, ndi ulendo wopita kumabwalo akutali. A Anthony adafika pogwira ntchito zitatu kapena zinayi nthawi imodzi. Adagulitsapo mawindo, adatsukapo mbale, adazikapo zikwangwani za nyumba zamalonda. Loweruka ndi Lamlungu ankasanduka makaniko wa mwana wawo. Chisoti cha Lewis chidali chachikasu n'cholinga choti bambo ake azimuzindikira msanga pagulu la ana. Nambala 44, imene akuigwiritsabe ntchito mpaka lero, idachokera pa nambala ya galimoto ya bambo akewo.

Kumabwalo konse ankapita, banja lachikuda lidali lawo lokha. Lewis wakhala akufotokoza mmene ana anzake, ngakhalenso makolo ena, ankamutukwanira chifukwa cha khungu lake, komanso mmene ankamugendera nthochi kusukulu. Adayamba kuphunzira karate ali wamng'ono kuti azidziteteza. M'kalasi zinkamuvuta chifukwa cha vuto losokoneza zilembo powerenga, lomwe lidadziwika mochedwa. Malangizo a bambo ake adali akuti asayankhe ndi pakamwa kapena ndi chibakera, akayankhire pamsewu.

Pa 1 Meyi 1994, ali ku mpikisano wa kart, bambo ake adamuuza kuti Ayrton Senna, katswiri wa ku Brazil amene iye ankamukonda koposa, wamwalira pangozi ku Imola m'dziko la Italy. Mwana wa zaka 9 adazemba n'kukalirira kuseri kwa galimoto kuti bambo ake asaone misozi. Tsiku limenelo adadziwa kuti ntchito imene ankailakalaka imapha.

Makwerero okwera ndi ndalama

M'chaka cha 1995, ali ndi zaka 10, Lewis adatenga ukatswiri wa kart wa ana a msinkhu wake m'dziko lonse la Britain. Pamwambo wopereka mphotho wa magazini ya Autosport ku London, atavala suti yobwereka, adapita kwa Ron Dennis, mkulu wa timu ya McLaren, kukapempha siginecha. Adamuuzanso mosaphethira kuti tsiku lina akufuna kudzayendetsa galimoto zake. Dennis adamulembera kuti adzamuimbire foni pakapita zaka 9. Sadadikire zaka zonsezo. Mu 1998 ndi McLaren imene idafunafuna banja la a Hamilton, n'kusainitsa mnyamata wa zaka 13 m'ndondomeko yake yosula madalaivala achisodzera mothandizana ndi Mercedes.

Pakadapanda siginecha imeneyo, nkhaniyi bwenzi itathera pomwepo. Njira yopita ku Formula 1 ili ngati makwerero, ndipo sitepe iliyonse ndi yodula kuposa yapansi pake. Mwana amayamba ndi kart, kenako amalowa m'galimoto zazing'ono za mpando umodzi, n'kumakwera mpaka pagulu lachiwiri kwa Formula 1. M'magulu onsewa dalaivala salipidwa. Ndi iye amene amalipira timu kuti imupatse galimoto, ndipo ulendo wonse umadya mapaundi mamiliyoni angapo. Ntchito zinayi za a Anthony sizikadakwanitsa.

McLaren idalipira, koma inkafuna kuona zipatso. Mu 2000 Lewis adakhala katswiri wa kart wa ku Ulaya, ali m'timu imodzi ndi mnyamata wina wa ku Germany, Nico Rosberg, mwana wa katswiri wa 1982 Keke Rosberg. Ankagona chipinda chimodzi m'mahotela, n'kumapikisana pa chilichonse, ngakhale kudya. Mu 2003 adatenga ukatswiri wa Formula Renault ku Britain. Mu 2005 adapambana mipikisano 15 mwa 20 ya Formula 3 ku Ulaya. Mu 2006 adatenga chikho cha GP2, gulu lachiwiri kwa Formula 1 lija, m'chaka chake choyamba. Ku Istanbul chaka chimenecho galimoto yake idazungulira koyambirira kwa mpikisano n'kutsalira kumbuyo kwenikweni, koma adapitirira anzake mmodzimmodzi, makamaka pamakona, mpaka kumaliza wachiwiri. Amene adaonerera adadziwa kuti McLaren ilibenso chifukwa chomusungira panja.

Zimene kanema saonetsa

Woonerera pa SuperSport atakhala pampando wa ndalema angaganize kuti ntchitoyi ndi yongokhala n'kumapotokola chiwongolero. Mpikisano umodzi wa Formula 1 ndi wa makilomita pafupifupi 305, mtunda wonga wochoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe kudzera pa Zalewa, ndipo amaumaliza mu ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Pamsewu wowongoka liwiro limapitirira makilomita 300 pa ola.

Dalaivala amakhala chogonera chagada m'kachipinda kothina, miyendo ili m'mwamba, atamangidwa malamba mpaka kupuma kumavuta. Buleki amaponda ndi phazi lamanzere, ndi mphamvu yoposa makilogalamu 100. Akatero thupi lonse limakankhidwira kutsogolo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kanayi kapena kasanu. Pakona yothamanga mutu ndi chisoti zimalemera ngati wina wakumangirira theka la thumba la chimanga m'khosi n'kumalikokera kumbali. N'chifukwa chake madalaivala onse ali ndi makosi onenepa ngati a ng'ombe yapagoli. Mtima umagunda mothamanga kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kumalo otentha ngati Singapore munthu amatuluka m'galimoto atatsika makilogalamu awiri kapena atatu chifukwa cha thukuta.

Zonsezi zikuchitika, mutu uyenera kukhala wozizira. Chiwongolero chili ndi mabatani ambirimbiri oti azisintha akuthamanga. M'khutu muli injiniya amene akumuuza za matayala, za mvula imene ikubwera, za mnzake amene akumusendera kumbuyo. Kwa zaka 12 mawu a m'khutu la Hamilton adali a Peter Bonnington. Akapatuka kukasintha matayala, amakaniko pafupifupi 20 amamudikira, ndipo matayala onse anayi amasinthidwa m'masekondi osakwana atatu. Mmodzi akangochedwa kumanga nati, ntchito ya sabata yonse yapita m'madzi. Kumbuyo kwa amenewa kuli anthu oposa 1,000 kumafakitale amene amajambula, kusula ndi kuyesa chitsulo chilichonse. Dzina lotchuka ndi limodzi, koma mutu umodzi susenza denga.

Pointi imodzi, kawiri

Mu 2007 McLaren idamuika pambali pa Fernando Alonso wa ku Spain, amene adali atangotenga ukatswiri zaka ziwiri zotsatizana. Aliyense ankayembekeza kuti mnyamata wa zaka 22 akhala wophunzira ntchito. Pakona yoyamba ya mpikisano wake woyamba, ku Melbourne, adamupitirira Alonso. Adamaliza m'gulu la atatu oyamba pa mipikisano 9 yotsatizana, ndipo pa 10 Juni adapambana koyamba ku Montreal m'dziko la Canada.

Atambala awiri salira m'khola limodzi. M'timu mudabuka chidani, ndipo chakumapeto kwa chaka Alonso adachoka. Chaka chomwecho McLaren idalipitsidwa madola 100 miliyoni atapeza kuti mmodzi wa akuluakulu ake adali ndi zikalata zachinsinsi za Ferrari. M'chipwirikiti chonsecho Hamilton adafika pa mipikisano iwiri yomaliza akutsogola ndi mapointi 12. Ku China timu idamusiya pamsewu matayala atatha mpaka kuoneka nsalu, ndipo polowa kokasintha adatsetsereka n'kutitimira m'miyala. Apa kuchedwa kudamupweteka. Ku Brazil giya idamuvuta, adamaliza pa nambala 7, ndipo Kimi Räikkönen wa Ferrari adatenga ukatswiri ndi mapointi 110 kwa 109.

Chaka chotsatira chidayamba ndi chitonzo. Pa mayeso a galimoto ku Barcelona mu Febuluwale 2008, anthu ena adabwera atadzipaka zakuda kumaso n'kumamunyoza. Adayankhira pamsewu monga adaphunzitsidwira. Ku Silverstone, kwawo, mvula ikukhuthuka ndipo akatswiri anzake akuzungulira ngati asokonezeka mitu, adapambana ndi mpata woposa mphindi yathunthu.

Zonse zidakathera ku Interlagos, ku São Paulo, pa 2 Novembala 2008. Felipe Massa wa Ferrari adali kwawo, pamaso pa anthu ake. Hamilton ankangofunika kumaliza pa nambala 5. Chakumapeto mvula idayamba kuwaza, ambiri adapatuka kukavala matayala a mvula, ndipo atatsala maulendo awiri ozungulira bwalo Sebastian Vettel adamupitirira, n'kumugwetsera pa nambala 6. Massa adadutsa mzere woyamba. M'chipinda cha Ferrari bambo ake a Massa ndi abale adayamba kudumpha ndi kukumbatirana. Koma kutsogolo kwa Hamilton kudali Timo Glock wa Toyota, amene sadasinthe matayala ndipo tsopano ankayenda ngati ali pa sopo. Pakona yeniyeni yomaliza Hamilton adamudutsa. Mapointi adakhala 98 kwa 97. Chimwemwe cha banja la Massa sichidakwane masekondi 40, ndipo makamera adajambula nkhope zawo pamene wina adabwera kudzawauza zoona. Ali ndi zaka 23, Hamilton adakhala katswiri wamng'ono kwambiri amene masewerawa adali ataonapo kufikira nthawi imeneyo.

Kusiya bambo, kusiya khola

Zaka zinayi zotsatira zidali zowawa. Mu 2009 adachotsedwa pa zotsatira za mpikisano wa ku Australia chifukwa chosanena zoona kwa oweruza, ndipo adapepesa pagulu. Mu 2010 adauza bambo ake kuti asiye kukhala manijala wake. Ankafuna bambo woti azicheza naye, osati bwana wa ntchito. Kwa munthu amene adatsuka mbale kuti mwana athamange, mawuwo adalasa mtima, ndipo padapita nthawi yaitali awiriwa asakuyankhulana bwinobwino. Mu 2011 adagundana ndi Massa kangapo konse, ndipo kwa nthawi yoyamba mnzake wa m'timu, Jenson Button, adamuposa pa mapointi a chaka.

Mu Sepitembala 2012 adalengeza kuti akuchoka ku McLaren, komwe adaleredwa, kupita ku Mercedes. Anthu adamuseka. Chibwerereni mu Formula 1 m'chaka cha 2010, timu ya Mercedes idali itapambana mpikisano umodzi wokha. Amene adamukopa adali Ross Brawn, mkulu wa timuyo, ndi Niki Lauda, katswiri wakale wa ku Austria amene adapsa kumaso pangozi ya 1976 koma n'kubwerera m'galimoto patangopita masabata 6. Adamuonetsa kuti malamulo a injini asintha mu 2014, kubwera injini zazing'ono za malita 1.6 zothandizidwa ndi magetsi, ndipo Mercedes idali itayamba kale kukonzekera.

Lidali ganizo lolimba mtima, ndipo lidabala zipatso. Hamilton adatenga ukatswiri mu 2014 ndi 2015. Mnzake wa m'timu adali Rosberg yemwe uja ankagona naye chipinda chimodzi ali ana, ndipo ubwenziwo sudapirire. Mu 2016 adagundana ku Barcelona paulendo woyamba, onse awiri n'kuthera m'miyala. Ku Malaysia injini ya Hamilton idayaka moto akutsogola. Rosberg adatenga ukatswiri ndi mpata wa mapointi asanu, ndipo patangopita masiku asanu adalengeza kuti wapuma, ali ndi zaka 31 zokha. Kugonjetsa Hamilton kamodzi kudamutengera zonse zimene adali nazo, ndipo sadafune kubwerezanso.

Nkhani ya Rosberg ndiyo yankho kwa amene amati wopambana adali galimoto osati munthu. N'zoona kuti palibe amene adatengapo ukatswiri ndi galimoto yofooka, ndipo Mercedes idatenga chikho cha matimu zaka 8 zotsatizana, kuyambira 2014 mpaka 2021. Koma timu iliyonse imakhala ndi galimoto ziwiri zofanana. Valtteri Bottas adayendetsa inayo kwa zaka zisanu osatengapo ukatswiri. Mu 2017 ndi 2018 Ferrari ya Vettel inkalimbana nayo Mercedes mosasiyana kwenikweni, koma amene sankalakwitsa zinthu zikafika pothina adali Hamilton. Ukatswiri wake wachisanu ndi chimodzi udabwera mu 2019, chaka chimene Lauda adamwalira.

Chaka cha bondo pansi, ndi usiku wa ku Abu Dhabi

Mu 2020, bambo wina wachikuda, George Floyd, ataphedwa ndi wapolisi ku America, Hamilton adaleka kuyankhira pamsewu pokha. Adadzudzula poyera anzake a m'masewerawa chifukwa chokhala chete pankhani ya tsankho. Ankagwada bondo limodzi mpikisano usadayambe, ndipo Mercedes idapenta galimoto zake zakuda m'malo mwa mtundu wasiliva umene inkadziwika nawo. Ena adati asalowetse ndale m'masewera. Iye adapitiriza, ndipo pamsewu sadafooke. Ku Silverstone tayala lakutsogolo lidaphulika paulendo womaliza, koma adakwawa ndi matayala atatu mpaka kudutsa mzere ali woyamba. Ku Portugal adapambana kachi-92, kuposa Michael Schumacher amene adalekera pa 91. Pa 15 Novembala, ku Istanbul komwe kuja, pamsewu woterera ndi mvula, adayambira pa nambala 6 n'kupambana, kufanana ndi Schumacher pa maukatswiri 7. Kumapeto kwa chakacho dziko la Britain lidamupatsa ulemu wa Sir.

Ukatswiri wachisanu ndi chitatu udaoneka ngati uli m'manja pa 12 Disembala 2021. Chaka chonse adalimbana ndi Max Verstappen wa Red Bull, mnyamata wa ku Netherlands wocheperapo ndi zaka 12 amene naye adasulidwa ndi bambo ake kuyambira pa kart. Adagundana ku Silverstone. Ku Monza galimoto ya Verstappen idakwera pamwamba pa ya Hamilton, tayala n'kumukhudza chisoti, ndipo chidamupulumutsa ndi chitsulo chotchinga mutu chotchedwa halo. Adafika ku Abu Dhabi ali ndi mapointi ofanana ndendende, 369.5 aliyense.

Atatsala maulendo asanu mwa 58, Hamilton ankatsogola ndi masekondi oposa 10. Kenako dalaivala wina, Nicholas Latifi, adawomba khoma, ndipo safety car, galimoto yochepetsa liwiro la onse pakachitika ngozi, idalowa. Verstappen adapatuka kukavala matayala atsopano. Hamilton sakadatero popanda kutaya malo ake, choncho adakhalabe ndi matayala amene adali atazungulira nawo pafupifupi ka 40. Malamulo akadatsatidwa monga adalembedwera, mpikisano ukadathera kumbuyo kwa safety car. Koma woyendetsa mpikisano, Michael Masi, adalola galimoto zisanu zokha zimene zidali pakati pa awiriwa kuti zichoke, n'kutsegula mpikisano kwa ulendo umodzi womaliza. Wa matayala atsopano adadutsa wa matayala akutha. Pambuyo pake bungwe loyendetsa masewerawa la FIA lidamuchotsa Masi paudindo n'kuvomereza kuti padali kulakwitsa kwa munthu, koma zotsatira sizidasinthe.

Hamilton adakhala m'galimoto kanthawi, chisoti chili kumutu. Atatuluka adapita kukagwira chanza Verstappen. Amene adamukumbatira n'kumunong'oneza m'khutu adali bambo ake, a Anthony, omwe adali atayanjana nawo kale. Bambowo adapitanso kukayamikira Verstappen ndi bambo ake, Jos. Ambiri amene sankamukonda Hamilton adayamba kumulemekeza usiku umenewo, umene adaluza.

Adakali yekha

Formula 1 idayamba mu 1950. Kufikira kumapeto kwa 2025, dalaivala wachikuda amene adathamangapo mu mpikisano wake ndi mmodzi yekha. Willy T. Ribbs wa ku America adayesapo galimoto ya Brabham mu 1986 koma sadapatsidwe mpando. Pofika chaka chimenecho, zaka 18 chilowereni Hamilton, padalibe wina amene adamutsatira pakhomo limene adatsegula.

Iye mwini amati vuto lalikulu ndi ndalama, ndipo wanenapo kuti masewerawa asanduka a ana a anthu olemera kwambiri, kotero kuti mwana wochokera m'banja ngati lake lero sakadafika. Chitsanzo chili pafupi: Lance Stroll amayendetsera timu imene bambo ake, Lawrence Stroll, adaigula mu 2018 pamodzi ndi anzawo. Kafukufuku amene Hamilton adakhazikitsa mogwirizana ndi Royal Academy of Engineering, yemwe lipoti lake lidatuluka mu 2021, adayerekeza kuti anthu akuda sakwana mmodzi pa 100 aliwonse ogwira ntchito mu Formula 1. Chaka chomwecho adayambitsa bungwe la Mission 44 n'kulonjeza mapaundi 20 miliyoni a m'thumba mwake, kuthandiza ana ochokera m'mabanja osowa kuti aphunzire sayansi ndi uinjiniya. Omutsutsa amakumbutsa kuti iye adasamukira ku Switzerland kenako ku Monaco, komwe misonkho ndi yochepa, monga amachitira madalaivala ambiri. Zonse ziwiri n'zoona.

Africa nayo ili panja. Katswiri mmodzi yekha wochokera kuno ndi Jody Scheckter wa ku South Africa, amene adapambana ndi Ferrari mu 1979, nthawi ya tsankho. Mpikisano womaliza pa nthaka ya Africa udachitikira ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, mu 1993, chaka chomwe Lewis ankagwera mu udzu ku Rye House. Hamilton wakhala akunena mobwerezabwereza kuti masewera odzitcha a dziko lonse sangapitirize kulambalala Africa. Mu Disembala 2024 Pulezidenti Paul Kagame adalengeza kuti Rwanda ikufuna kuchititsa mpikisanowu, ndipo South Africa nayo ikuyesetsa kuti ubwerere. Koma bwalo lokha silibala dalaivala. Pamafunika timabwalo ta kart, amakaniko, ndi wina wolipira matayala.

Kona yomaliza

Pambuyo pa Abu Dhabi padadutsa zaka ziwiri zathunthu, 2022 ndi 2023, osapambana ngakhale kamodzi. Malamulo a kapangidwe ka galimoto adasintha ndipo Mercedes idasochera. Pa 7 Julayi 2024, patapita masiku 945, adapambananso ku Silverstone, kachisanu ndi chinayi pabwalo limenelo. Adalira pa wailesi ya m'galimoto, ndipo atatsika adagwera m'manja mwa bambo ake n'kulirabe, osazembanso kuseri kwa galimoto. Adavomereza kuti padali masiku amene ankadzikayikira ngati akadali ndi luso.

Nthawi imeneyo n'kuti atalengeza kale, pa 1 Febuluwale 2024, kuti akupita ku Ferrari, timu yakale kwambiri mu Formula 1, imene dalaivala wake adatenga ukatswiri komaliza mu 2007, Räikkönen uja adamulanda ndi pointi imodzi. Adavala zofiira mu 2025 ali ndi zaka 40. Chaka choyamba sichidamukomere. Adapambana kampikisano kafupi ka Loweruka ku China, koma pa mipikisano yaikulu sadalowe m'gulu la atatu oyamba ngakhale kamodzi, chinthu chimene sichidamuchitikirepo chiyambireni mu 2007. Mnzake wa m'timu, Charles Leclerc, adamuposa. Ukatswiri udapita kwa Lando Norris wa McLaren, amene adali ndi zaka 7 pamene Hamilton ankapambana koyamba ku Montreal.

Tsopano mafunso a atolankhani asintha. Kale ankamufunsa kuti apambana angati. Lero amamufunsa kuti apuma liti. Juan Manuel Fangio wa ku Argentina adatenga ukatswiri ali ndi zaka 46 mu 1957, koma adali masiku ena. Rosberg adaima msanga, chikho chili m'manja. Schumacher adapuma, n'kubwereranso, n'kutha zaka zitatu osapambana. Dalaivala aliyense amafika pakona imeneyi, ndipo palibe injiniya wa m'khutu amene angamuwerengere mamita otsala. Ku Rye House kudali bambo woima m'mphepete mwa msewu, wosonyeza pomwe phazi liyenera kutsikira. Pano a Anthony amangoonerera ali m'chipinda cha timu, manja ali m'thumba, ndipo mwana wawo akubwera ndi liwiro, phazi lisadakhudze buleki.